Nyumba Yotchipa ya Kumapeto kwa Msewu

Namwino ndi chibwenzi chake, mnyamata wokonza zamagetsi yemwe aliyense ankangomuitana kuti Magetsi, anafika pageti ali wefuwefu, koma anapeza anthu atandandalika kale ngati pamzere wolandirira mankhwala. Panali mayi wobereka khanda, atsikana awiri a kukoleji, ndi bambo wina wa tayi amene ankangosuzumira pampanda. Onsewo ankalimbirana kanyumba kamodzi: chipinda ndi pabalaza, bafa lapanja, madzi okatunga pampopi wa anthu onse.

"Tachedwa," anatero Namwino.

"Sitinachedwe ayi. Mwini wake ndalankhula naye m'mawa womwe uno, wanena yekha kuti ndi yathu."

Posakhalitsa mwini nyumbayo anatuluka akukanda m'mutu, maso ali pansi. "Pepani nonsenu. Yapita."

"Bambo, si inu munandilonjeza?" anafunsa Magetsi.

"Lonjezo silikhutitsa, mwana wanga. Wabwera munthu, wapereka za miyezi yambirimbiri pakamodzi, osanenerera n'komwe. Ukanakhala iwe ukanakana?"

Anthu anabalalika akung'ung'udza. Aka sikanali koyamba kuti awiriwa abwerere pageti la munthu manja ali m'khosi. Nyumba za lendi zinali zitavuta m'tauni monse. Ukamva m'mawa kuti kwakutikwakuti kwatuluka munthu, pofika masana unkapeza makatani a wina akupepheruka pawindo. Zomwe zinkatsala ndi zodontha, kapena za mtengo woti munthu azingogwirira ntchito alandilodi mwezi wonse. Komatu bambo ake a Namwino anali atanenetsa: "Mwana wanga sindingamupereke kwa munthu wogona kuseri kwa shopu, mutu utatsamira mawaya. Undionetse chitseko chomwe ukamulowetse, za ukwati tikambe pambuyo."

Magetsi anayesa kuseka. "Tikapanda kusamala tidzakwatirana tikuyendera ndodo. Komabe kanali koipa, eti? Bafa lake ukanamalowa chammbali."

"Ine sindifuna zambiri," anatero Namwino. "Pokhala pathu basi, poti ndikatseka chitseko ndidziwe kuti ndatseka ndine."

Ananena zimenezi maso ali kutsidya kwa msewu, kumene galimoto yoyera ya magalasi akuda inkanyamuka pang'onopang'ono ngati yosafuna kupita. Galimotoyo ankaidziwa. Anaionanso tsiku lomwe analandidwa nyumba ya kuseri kwa sukulu, komanso tsiku la nyumba ya pafupi ndi msika. 

"Waona chiyani?"

"Palibe. Tiye tizipita."

*

Mwini galimotoyo anali ajenti wa nyumba, munthu wa thupi losalala, wonunkhira mafuta odula, yemwe anthu anamupatsa dzina loti Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi womwe unkalendewera palamba wake. Magetsi asanabwere, Makiyi ndiye anali chibwenzi cha Namwino, ndipo amayi ake a Namwino mpaka pano ankamulirabe.

"A Makiyi anadutsa pano," anatero amayi tsiku lomwelo, akupinda zovala pabedi lomwe Namwino ankagona ndi ang'ono ake awiri. "Amadzangoona mmene ababa ako adzukira. Munthu waulemu ngati ameneyo! Iwe ndiye uli yakaliyakali ndi wamawaya wakoyo, kugogoda mageti a anthu ngati ogulitsa makala, chonsecho munthu wa nyumba m'manja unamutaya wekha."

"Ananenanso chiyani, amayi?"

"Anafunsa ngati mwaipeza ya leroyi."

"Anadziwa bwanji kuti tapita kukaona nyumba lero?"

"Ndinamuuza dzulo pafoni. Amaimba kawirikawiri, amakufunira zabwino. Nanga n'chinsinsi?"

Namwino anakhala pansi. Ndiye kuti geti lililonse limene ankagogoda, Makiyi ankakhala atafikapo kale, njira akuonetsedwa ndi amayi ake omwe.

Panali chinthu chimene sanauzepo munthu. Tsiku lina, chibwenzi chawo chikupita kumapeto, Makiyi anamutengera kunyumba ina yopanda anthu, kumathero kwa msewu wafumbi, n'kunena kuti, "Iyi ndi yathu tikakwatirana." Namwino anali atatopa ndi nsanje zake, kusecha foni, kumudikirira pageti la chipatala ngati wothawa ngongole. Anamuuza momwemo, pabalaza popanda ndi mpando womwe, kuti chibwenzi chithe. Makiyi anangomwetulira. Anamulanda foni ngati akusewera, anatuluka, n'kukhoma chitseko kunja. Mawindo onse anali ndi zitsulo. Anakhala pakhonde akuseweretsa makiyi ake, akulankhula mofatsa ngati wonyengerera mwana: "Ukanena kuti eya, ndikutsegulira."

Namwino anakuwa mpaka mawu anasasa, koma nyumba zina zinali kutali. Anatulutsa kasizasi m'chikwama, nakanda pozungulira loko mpaka zala zinatuluka magazi. Dzuwa litapendeka ananena eya wabodzayo. Chitseko chitangotseguka analiyatsa liwiro, ndipo kuyambira pamenepo foni ya Makiyi sanaiyankhenso.

Akanauza ndani? Funso loyamba likanakhala lakuti, "Nanga iweyo unkakatani m'nyumba yopanda anthu ndi mwamuna?"

*

Patapita masiku angapo, Namwino akuweruka kuntchito, uthenga wa Magetsi unalowa: "Ndaipeza! Bwera pasiteji pompano. Ukaiona ulira."

Anamupeza akumwetulira mano onse ali pamtunda. M'basi anafotokoza mosapumira. Akukonza soketi m'shopu ina anakumana ndi mayi wina waulemu wake, yemwe mlongo wake anapita kunja kwa dziko. Nyumba ikungokhala, akuopa akuba, akufuna munthu wokhulupirika woti azikhalamo. Zipinda ziwiri, madzi a m'nyumba, khitchini yakeyake, ndipo mtengo wake woti ngakhale iye angakwanitse osagona ndi njala.

"Yotchipa choncho? Nanga bwanji ena sanaitenge?"

"Mulungu amatisungira ife. Iwe, mwayi ukagogoda suufunsa kuti wachokera kuti."

"Walipira kale?"

"Ndikanadikira kuti andilandenso? Ndagulitsa njinga yamoto ija. Kiyi ndi uyu. Pepala tidzalemba mwini wake akabwera."

"Wagulitsa njinga? Uziyenda bwanji kuntchito?"

"Miyendo ndinabadwa nayo. Njinga ndidzagula ina, koma iwe sindingakugule kwina."

Namwino anaseka, natsamira paphewa pake. Kwa kanthawi anaiwala galimoto yoyera.

Anatsika basi n'kulowa msewu wafumbi. Nyumba zitayamba kutalikirana, Namwino anayamba kuuzindikira msewuwo. Anadziuza kuti misewu yafumbi imafanana. Anadziuza kuti mitengo imafanananso. Kenako anaona khonde. Khoma linali litapakidwa penti watsopano wachikasu, koma khonde linali lomwe lija.

Magetsi anatsegula, n'kuwerama mwanthabwala. "Lowani, adona."

Namwino anaima pakhomo ngati wakhomeredwa ndi misomali. Pansi pa penti watsopanoyo, pozungulira loko, mizere yomwe anakanda ndi kasizasi inkaonekabe.

"Taona kukula pabalaza!" Mawu a Magetsi ankamveka kawiri m'zipinda zopanda kanthuzo. "Apa tiika mipando, apa kabati yako. Chipinda ichi ndi cha ana, kaya akhale timu ya mpira, akwana." Atacheuka anaona kuti akulankhula yekha. "Bwanji? Talowa."

"Sindikuifuna."

"Wati chiyani?"

"Tiye tizipita, chonde." Mphepo inakankha chitseko pang'ono, Namwino n'kuchigwira ndi manja onse awiri. "Chisatsekeke! Tuluka, Magetsi, tuluka!"

"Sunaione n'komwe. Chavuta n'chiyani? Kutalika? Fumbi? Tanena, ndikonza."

"Sindikuifuna basi."

Nkhope ya Magetsi inagwa. Anatuluka pang'onopang'ono, kiyi ali m'manja. "Ndamva. Ndi yaing'ono kwa munthu amene anazolowera galimoto yoyera. Ukuyesa sindinaione tsiku lija pageti? Ndinaona mmene unkaiperekezera ndi maso. Ngati mtima wako unatsalira kwa Makiyi ungonena, ndisamagulitse zinthu zanga pachabe."

Namwino anasiya chitseko chija. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda, kenako kuthamanga, mumsewu womwe uja, fumbi lomwe lija.

*

Ali m'basi foni inanjenjemera. Anaganiza kuti ndi Magetsi, koma nambala inali yachilendo.

"Penti wachikasu wamukonda? Ndinakumbukira kuti ndi mtundu wako. Mukataya kiyi musadandaule, wina ali ndi ine."

Namwino anayang'ana anthu a m'basimo mmodzimmodzi, kenako anacheuka kuyang'ana magalimoto a kumbuyo. Mayi amene anakhala naye pampando anamufunsa ngati akudwala. Anapukusa mutu, foni ataifinya pachifuwa.

Analemba uthenga wopita kwa Magetsi, naufufuta. Analembanso, nafufutanso. Nkhani yotere ungaiyambire pati pafoni? Magetsi nayenso anali chete, ndipo chete wakeyo ankapweteka kuposa mawu aja.

Mawa lake pochokera kuntchito anapeza ababa ake atakhala pakhonde, atavala jekete lawo la pa zochitika, nkhope ili ngwee.

"Bwera kuno, mwana wanga. Mnyamata uja ndinkamuyesa wamasewera, koma ndi mwamuna. Wanditenga lero kukaona nyumba. Akuti iwe ukuchita manyazi nayo, ndiye amafuna ndiione ndekha. Ndagogoda makoma, ndatsegula mipopi, ndayenda kuseri konse. Ija ndi nyumba. Usakhale wamwano ndi thukuta la mnzako. Ndamuuza kuti auze akwawo, tikambirane tsiku."

Mawu amene Namwino anawadikira nthawi yaitali chonchi anamugwera ngati mwala. Ang'ono ake anayamba kulumpha, akukanganirana kale malo ake a pabedi. Amayi anangopinda milomo n'kulowa m'nyumba.

"Sukusangalala?" anafunsa ababa.

"Ndasangalala, ababa."

*

M'mawa kutacha sanapite kuntchito. Anamupeza Magetsi m'kachipinda kake kuseri kwa shopu, akulongedza katundu m'makatoni. Anali atatsanzika kale kwa mwini shopu, ndipo wofuna kulowamo anali atabwera kale kudzayeza ngati bedi lake lingakwane.

"Wabwera kudzandiuza kuti zatha?" anafunsa osamuyang'ana.

Namwino anamupatsa foni. Magetsi anawerenga, nawerenganso. "Ameneyu ndi ndani? Kiyi wake uti?"

Namwino anakhala pakatoni n'kufotokoza zonse: galimoto ya pamageti, mafoni a amayi, khonde lija, chitseko, kasizasi. Ankalankhula akuyang'ana zala zake. Atamaliza anadikira kuti afunsidwe chimene ankakachita m'nyumbamo. Koma Magetsi anagwada patsogolo pake, namugwira manja, n'kuwatembenuza ngati magazi aja akadalipo.

"Ine n'kumakunyoza pakhomo lomwelo," anatero motsitsa. "Undikhululukire, wanga. Nsanje inanditseka m'maso."

Apo m'pamene Namwino analira, kulira kosadzigwira, nkhope ataibisa m'shati yake yonunkha thukuta ndi fumbi la kudenga. Magetsi anamusiya kuti alire mpaka atatopa.

Kenako anatenga foni yake n'kuimbira mayi uja wa mlongo wakunja. Nambala inali yozimitsa. Anaimbanso. Chimodzimodzi.

"Tiisiye nyumba imeneyo," anatero Namwino. "Tipeza ina. Ndikhala nawe ngakhale muno."

"Muno muli kale mwini wake. Njinga yapita. Ababa ako avomera chifukwa cha nyumba imeneyo, ndiye ndikawauze kuti chiyani? Kuti ndapusitsidwa ngati mwana?" Anaimirira, nayenda uku ndi uku pakati pa makatoni. "Watithamangitsa pamageti onse a m'tauni muno kuti tikalowe tokha m'khola mwake. Chabwino. Ndalipira, kiyi anandipatsa ndi manja awo. Ndikachotsa maloko onse, ndikaika anga. Ngati sudzafuna kulowamo sindidzakukakamiza, tidzalowetsamo ena mpaka zanga zibwerere. Koma makiyi akewo akatsegulire nkhuku."

"Sukumudziwa munthu ameneyu. Sachita kanthu asanawerengere kumapeto kwake. Akudziwa kuti ndikuuza, akudziwanso kuti ukwiya. Chonde usapite wekha. Tiyambe tawauza ababa."

"Ababa udzawauza iwe ukakonzeka, nkhaniyi ndi yako. Ine ndikungosintha loko, ntchito yosachedwa. Ndikamaliza ndikuimbira."

"Mphuno salota, Magetsi."

"Mawaya amoto ndimagwira tsiku ndi tsiku, ndiye ndiope munthu wonunkhira mafuta?"

Anakoleka chikwama cha zipangizo paphewa, namupsompsona pachipumi. Namwino anaima pakhomo la kachipindako akumuyang'ana mpaka anakhota pakona. Anafuna kumuthamangira, koma ataganiza za msewu wafumbi uja anangotsala pomwepo.

*

Magetsi sanaimbe.

Namwino anabwerera kunyumba n'kuyamba kutsuka mbale zotsukatsuka kale, foni ili pambali pa beseni. Masana atakwana anaimba yekha. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, inaitana pang'ono, wina n'kuidula. Ulendo wotsatira inali yozimitsa.

"Lero wadwala chiyani?" anafunsa amayi. "Mbalezo uzibowola."

Dzuwa likupendeka geti linatseguka mwamphamvu. Analowa mlongo wake wa Magetsi, wogulitsa nsalu kumsika, mpango uli m'manja, thukuta lili kamukamu.

"Mlamu! Achimwene awamanga!"

Mbale inagwa m'manja mwa Namwino. Ababa anatuluka m'nyumba, nyuzipepala ili m'manja. "Mwana iwe, takhala pansi ulankhule bwinobwino. Amanga ndani?"

"Achimwene, bambo. Awapeza m'nyumba ija atagumula loko, zipangizo zili mbwee pansi. Kwabwera ajenti wa galimoto yoyera ndi apolisi. Ajentiyo akuti nyumbayo sanalowetsemo munthu, mayi amene achimwene akumunenayo sakumudziwa, ndipo kiyi akuti anabedwa muofesi mwake. Achimwene awauza kuti aonetse pepala, alibe." Anapuma, nameza malovu. "Ndiye atakwera kudenga apeza mawaya onse a magetsi atazulidwa, nyumba yonse. Akuti wina angabe mawaya ndani, kuposa wamagetsi? Pano ali m'chitolokosi."

"Ndinanena ine," anatero amayi. "Ndinanena!"

"Sizinathe, mayi. Akuti pali munthu anaona achimwene dzulo atabwera ndi mdala wina wa jekete, akugogoda makoma, akuzungulira kuseri. Akuti ameneyonso akumufuna."

 Ababa anafufuza mpando ndi dzanja ngati munthu wosaona, nakhala pansi. 

"Ine?" anatero. "Ukalamba wonsewu, osapondapo kupolisi ngakhale kukachitira umboni, lero ndikhale mdala wa mbava?" Anatembenukira kwa Namwino. "Wandibweretsera chiyani pakhomo pano?"

"Si wakuba, ababa! Ndi msampha umenewu. Pali zimene sindinakuuzeni. Nyumba ija, a Makiyi aja anandi..."

Foni ya amayi inalira. Amayi atayang'ana dzina anaimika dzanja kuti onse akhale chete, n'kuyankha ndi mawu a ulemu, bondo litapindika ngati woimbayo akuwaona.

"Eee, bambo... Ayi, tamva, tangomva kumene... Ndi iwowo, ndi ababa ake, koma sankadziwa kanthu... Zikomo, bambo. Mulungu akudalitseni."

Anatsitsa foni, maso ali ndi misozi yoyamikira.

"Ndi a Makiyi. Akuti sankadziwa kuti nkhaniyi ikhudza banja lino, zawapweteka kwambiri. Akuti ababa ako atha kuwachotsamo dzina lisanalembedwe, mwinanso ndi mnyamatayo amumvera chisoni. Koma akuti nkhani yotere sakambira pafoni, ndipo sakamba ndi gulu. Akufuna upite iweyo, wekha. Ali pamsewupa, akudikira."

"Amayi, simukudziwa zimene anandichita munthu ameneyo."

"Zakale n'zakale. Ukufuna ababa ako akagone pasimenti?"

Mlongo wake wa Magetsi anagwada, namugwira Namwino mwendo. "Mlamu, chonde. Achimwene amenyedwa kale kumaso. Akagona m'menemo sindikudziwa."

Namwino anayang'ana ababa ake. Anali munthu amene sankalola mwana wake kufika ngakhale pagolosale dzuwa litalowa, munthu amene anakaniza ukwati chifukwa cha chitseko. Anadikira kuti akalipe, kuti anene kuti mwana wanga sapita kulikonse.

Ababa sanadzutse mutu. Anapinda nyuzipepala ija kawiri, maso ali pansi.

"Pita ukamumve, mwana wanga," anatero.